Kuyenda ndi telesikopu yopanga nokha kuchoka ku Blantyre kukaona nyenyezi kunyanja

Telesikopu yanga ndi ya mtundu umene amati Dobsonian, ndipo ndinaipangira pakhonde kwathu ku Chirimba. Ndi paipi ya PVC yotalika mita imodzi ndi masentimita 25, kukamwa kwake masentimita 20, yokhazikika pa bokosi la pulayiwudi lomwe limazungulira pa thabwa lapansi. Kunsi kwa paipi kuli kalilole wokumbika pakati wa mamilimita 150 amene amasonkhanitsa kuwala. Kumtunda kuli kalilole wina wamng'ono, wopendekeka, amene amakhotetsa kuwalako kuti kutulukire m'mbali pamene mumaika diso. Nzeru ya akalilole awiriwa ndi ya Isaac Newton, amene anapanga yake mu 1668. Ya bokosi lozungulira ndi ya John Dobson wa ku America, yemwe m'zaka za m'ma 1960 ankapanga matelesikopu ndi zotolatola, mapaipi a katoni ndi magalasi a mawindo a sitima zapamadzi, n'kumawaimika m'misewu ya ku San Francisco kuti aliyense wodutsa asuzumire. Akalilole ndi ma eyepiece awiri (timagalasi tokulitsa timene mumaikapo diso) ndinachita kuitanitsa kunja. Zotsalazo, mabawuti, manati, penti yakuda ya m'kati mwa paipi, ndi za mumsika wa Ndirande.

Muno mu Blantyre simungaione mphamvu yake yonse. Magetsi a ku Limbe ndi a m'mafakitale a ku Makata amayeretsa thambo, moti mlalang'amba timangouona bwino usiku umene magetsi athima dera lonse. N'chifukwa chake anzathu okonda zakuthambo akaitanizana kuti tikakumane kutali ndi tauni, munthu umanyamuka. Koma telesikopu yopanga wekha siibwera ndi katoni yake ya siponji, ndipo chimene chimaipweteka ndi msewu. Mukaipakira mosasamala mukafika nayo yamphumphu ndithu, koma nyenyezi iliyonse ikukoka kamchira kumbali.

Musanafunse za mafuta a galimoto, funsani za mwezi. Mwezi wathunthu umaphimba zonse zimene mwapitira. Umazungulira m'masiku 29 ndi theka, ndiye mwezi uliwonse pamakhala pafupifupi sabata imodzi ya mdima weniweni. Ine ndimakonda masiku atatu kapena anayi mwezi utangokhala: kachigawo kake kamakhalapo madzulo kuti ana aone mapiri ndi maenje ake, ndipo pofika 9 koloko kalowa, thambo latsalira inu. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula yatha, fumbi silinachuluke, ndipo pakati pa mlalang'amba pamadutsa pafupi ndi pamutu. Seputembala ndi Okutobala kulibe mitambo kwenikweni, koma utsi wa moto wa tchire, wa osaka mbewa ndi wa ososa m'minda, umadetsa thambo lonse la m'munsi.

Malo nawo ali ndi khalidwe lawo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje n'kufupi, koma m'miyezi yozizirayi chiperoni chimabwera mosagogoda, n'kukhala masiku angapo ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Paphiri la Zomba, pamene pena pamadutsa mamita 2,000, thambo limakhala loyera mochititsa kaso likayera, koma kumazizira koopsa ndipo mame amanyowetsa chilichonse. Kunyanja ndiko ndimakudalira, ngakhale nakonso kuli mwera. Choncho ndifotokoza za ulendo wa ku Mangochi, makilomita pafupifupi 190 pa msewu wa M3.

Kupakira kumayamba dzulo lake, masana, patebulo loyalapo bulangete.

Chotsani kalilole wamkulu pamodzi ndi chipangizo chimene amakhalapo. Ena amamusiya m'paipi, ndipo pa tala wosalala palibe vuto, koma kumalo osonkhanirana nthawi zambiri makilomita omaliza amakhala a fumbi ndi mabampu. Musanamasule, lembani mzere ndi maka kuchoka pa paipi kufika pa chipangizocho kuti pobwezera mudzabwezere mmene chinalili. Yang'anani tizitsulo titatu timene timamugwira m'mphepete. Tisamukanikize. Pakati pa kachitsulo ndi galasi pazitha kulowa pepala limodzi, chifukwa galasi lolimba chonchija limapindikabe pang'ono likafinyidwa, ndipo kupindika kosaoneka ndi maso n'kokwanira kusandutsa nyenyezi kukhala ya makona atatu. Muikeni m'bokosi lake chagada, siponji pansi ndi m'mbali, koma pankhope pake pasakhudze kanthu. Nkhope imeneyo ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wopakidwa pamwamba pa galasi, osati kuseri ngati kalilole wa kuchipinda. Nsalu, tishu, ngakhale chala, zimakanda. Mukaona fumbi lisiyeni. Fumbi pang'ono silichotsa kanthu pa zimene muone, pomwe zokanda sizifufutika. Bokosi limeneli liyende pamiyendo pa munthu kapena pansi kuseri kwa mpando wakutsogolo, ndipo aligwire mmene amagwirira thireyi ya mazira.

Kalilole wamng'ono amatsala m'paipi. Mangitsani timabawuti take titatu mokwanira, chifukwa kunjenjemera kwa galimoto kumatimasula pang'onopang'ono. Ngati munamumata ndi silikoni, mugwedezeni ndi chala m'mbali muone ngati akadali wolimba. Kenako vindikirani mbali zonse ziwiri za paipi ndi majumbo, mumange ndi malegeni. Izi n'zoteteza fumbi, komanso dzuwa: kalilole wokumbika akalandira dzuwa amasonkhanitsa kutentha kokwanira kuyatsa mpando.

Paipi igone, isaime. Yezeranitu mpando wakumbuyo ndi tepi, musangoganizira. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri paipi yotalika chonchi siilola kuti chitseko chitsekeke, ndiye mumagoneka mpando wakutsogolo n'kuilowetsa m'litali. Ikulungeni m'bulangete, pansi pake muike kachidutswa ka matilesi akale, muimange ndi lamba wa mpando. Mbali imene kuli chubu cholowetsamo eyepiece iyang'ane kumwamba kuti isanyamule kulemera kwa paipi. Padenga pa galimoto ayi. PVC ikawombedwa ndi dzuwa kwa maola imafewa n'kukhota, ndipo pachifukwa chomwechi musaisiye m'galimoto yotseka mawindo pamene mukudya nkhomaliro.

Bokosi la pulayiwudi ndi lolimba, lingapite kubuti. M'kati mwake ndimaikamo majuzi, fulasiki ndi chakudya. Chimodzi chokha: malo oterera pamene bokosi limazungulira akulungeni ndi chitenje. Mchenga ukalowa pamenepo telesikopu imayamba kuyenda modumphadumpha, ndipo kutsatira nyenyezi kumakhala chintchito.

M'kachikwama kena muikemo sikuludilaiva, sipanala yokwana manati anu, mabawuti ndi mawashala apadera, selotepi yakuda, malegeni otsala, njerwa zitatu kapena thabwa lokhuthala, ndi tochi yopaka penti yofiira ya m'zikhadabo pagalasi lake. Stellarium, pulogalamu yoonetsa pamene nyenyezi ndi mapulaneti ali, ikanitu pafoni mukadali kunyumba, imagwira ngakhale kopanda netiweki, ndipo ndi imene ikuuzeni ngati Saturn kapena Jupiter alipo chaka chimenecho, poti mapulaneti sakhala malo amodzi.

Amene mulibe galimoto, ulendowu umathekabe pa minibasi, koma lipirirani paipi mpando wake ndipo mukambirane ndi kondakitala musanakwere. Akanena kuti "Madala, tiike kumbuyoku, sichiwonongeka," kanani mwaulemu. Kumbuyoko kukwera matumba a chimanga ku Thondwe.

Nyamukani m'mawa. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangodutsa pang'ono, ndipo pofika hafu pasiti sikisi kwada bii. Mukufunika maola awiri a kuwala mutafika, ndiye werengerani chobwerera m'mbuyo. Kuchoka ku Limbe kudutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe mpaka ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65, ndipo adani anu pachigawo chimenechi ndi mahampu a m'matauni ang'onoang'ono. Adutseni pang'onopang'ono, a kumbuyo aimbe hutala mmene angafunire. Mukapitirira Domasi msewu umatsetsereka mokhotakhota m'mapiri a Machinga, pamene katundu wosamangidwa bwino amasendera kutsogolo. Ku Liwonde, musanawoloke Shire, imani muone ngati malamba akadali olimba ndiponso ngati paipi siikutentha. Kuchokera apo kutsika ku Ulongwe mpaka ku Mangochi ndi chigwa, kotentha ngakhale m'nyengo yozizira.

Pa rodibuloko adzakufunsani. Chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangete sichingadutse osafunsidwa, ndipo apolisiwo akulondola kufunsa.

"Bambo, mwanyamula chiyani m'bulangetemo?"

"Ndi telesikopu, bwana, yoonera mwezi ndi nyenyezi. Ndimasule muone?"

Masulani mbali imodzi, asuzumire m'paipi mopanda kanthumo, muwaonetse chithunzi chake itaimikidwa ndi chithunzi cha mwezi chimene munajambula nayo. Mangani m'njira yoti kumasulako kusatenge nthawi. Kawirikawiri nkhani imathera pa mafunso akuti kodi n'zoona anthu anakafika kumwezi, ndipo mumayankha kuti inde, mu Julayi 1969, n'kumapita.

Mukafika, musayambe ndi kutsitsa katundu. Ngati malowo ali m'mudzi kapena pafupi ndi mudzi, amfumu adziwe, ndipo adziwe kukadawala. Pitani ndi amene wakulandirani, mutenge kangachepe m'manja, mukhale pansi mufotokoze: "Zikomo amfumu, ife ndi alendo anu ochokera ku Blantyre. Tikhala panja usiku wonse pabwalo la sukulu, tikuyang'ana kumwamba ndi chipangizo ichi. Ngati mungakonde, mubwere ndi ana mudzaone mwezi." Izi si za ulemu wokha. Sitinaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika muno mu Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa pongowakayikira. Alendo oyendayenda mumdima ndi matochi ofiira ndi chipaipi chachilendo asakhale chinthu chimene mudzi ukuchita kudzifotokozera wokha.

Poimika telesikopu sankhani nthaka yolimba, kutali ndi madzi. M'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje usiku ndi mwa mvuu ndi ng'ona, ndipo mchenga umameza miyendo ya thabwa lapansi. Apa ndi pamene njerwa zitatu zija zimagwira ntchito. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye pezani mpanda kapena khoma lalifupi loti likutchingeni, koma lisatseke thambo la kum'mwera chifukwa zokoma zambiri zili kumeneko. Nyali za asodzi a usipa zidzayaka panyanja, koma pagombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay nyanja ili chakum'mawa ndi kumpoto, ndiye muzipatse msana.

Tsopano ntchito yeniyeni, yolunjikitsa akalilole. Pambuyo pa makilomita 190 amakhala atasuntha, ngakhale munapakira bwino chotani. Bwezerani kalilole wamkulu motsatira mzere wa maka uja. Igonekeni paipi ndithu, isaloze kumwamba, kuti sikuludilaiva ikakupulumukani igwere m'mbali mwa paipi m'malo mogwera pa kalilole. Pamalo a eyepiece lowetsanipo kachitini ka filimu ya kamera zakale, kapena chivindikiro chilichonse chokwana bwino, choboola kabowo ka mamilimita awiri pakati penipeni. Lozetsani paipi ku khoma loyera kapena ku thambo kumbali yopanda dzuwa, musuzumire.

Choyamba muona kalilole wamng'ono. Aoneke wozungulira, ali pakati pa chubu. Kenako tembenuzani timabawuti take titatu, kumasula kamodzi pang'ono n'kumangitsa kena, mpaka m'kati mwake muone kalilole wamkulu yense ndi tizitsulo take tonse titatu. Kamodzi kakabisala, simunamalize. Chomaliza ndi mabawuti atatu a kunsi kwa paipi. Pakati pa kalilole wamkulu payenera kukhala kamphete ka pepala kamene munamata pomupanga. Pamenepo sipagwira ntchito poona, pamakhala mumthunzi wa kalilole wamng'ono, ndiye musaope. Mnzanu azitembenuza bawuti imodzi imodzi, kotala ya kuzungulira basi, inu diso lili pakabowo mukunena kuti "ibwezeni, yapitirira," mpaka kadontho kakuda ka bowo lanu kalowe m'kati mwa kamphete. Awiri mumamaliza m'mphindi zisanu. Nokha mumangoyendayenda kuchoka kunsi kupita kumtunda, muiwale kuti munatembenuza iti.

Kukadawala lunjikitsaninso kolozera, kachipangizo ka pamwamba pa paipi kothandiza kupeza chimene mukufuna kuona. Pezani nsonga ya nsanja ya netiweki kapena mlambe wakutali mu eyepiece, kenako sunthani kolozerako mpaka kaloze pomwepo. Dzuwa musaliloze, ngakhale kamphindi, ngakhale likulowa. Limawotcha diso nthawi yomweyo ndipo silichira. Ana akakhala pafupi, wamkulu asachoke pa telesikopu mpaka dzuwa litalowa.

Dzuwa likangolowa vundukulani mbali zonse, muisiye. Kalilole watentha tsiku lonse ndipo amafuna mphindi 30 mpaka ola kuti afanane ndi mpweya wa panja. Asanazizire, chithunzi chimawirawira ndipo mungaganize kuti mwalakwitsa polunjikitsa. Nthawi imeneyi valani zamanja aatali, imwani tiyi. Mankhwala othamangitsa udzudzu pakani, kunyanja malungo si nkhambakamwa, koma musambe m'manja musanagwire eyepiece poti ena amasungunula pulasitiki. Kukada, yesani ndi nyenyezi yowala: iikeni pakati, muisokoneze fokasi pang'ono. Muone timizere tozungulira tili ndi mthunzi wakuda pakati. Mthunziwo ukapendekera mbali imodzi, gwiraninso mabawuti a kunsi pang'ono.

Galimoto iimikeni kutali, italoza kwina, ndipo nyali ya m'kati muizimitsiretu. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, koma foni imodzi yoyaka imafufuta zonsezo kwa gulu lonse. Uzani alendo zimenezi poyamba, mwaulemu, kuti musamachite kukalipira munthu pakati pa usiku.

Telesikopu yangayi imasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mamilimita 1,200. Mukagawa ndi nambala yolembedwa pa eyepiece mupeza kukuza kwake: ya 25 imakuza ka 48, ya 10 imakuza ka 120. Yambani ndi ya 25 nthawi zonse. Imaonetsa thambo lalikulu ngati miyezi iwiri yoyandikana, ndipo chinthu chimakhalamo mphindi zinayi chisanatuluke. Pa 120 sichitha mphindi ziwiri, chifukwa dziko likuzungulira madigiri 15 pa ola, ndiye pamzere wa anthu muzibwezera chinthucho pakati munthu aliyense akachoka. Auzeni aike manja kumbuyo. Aliyense amafuna kugwira paipi.

Ife tili pa madigiri pafupifupi 15 kum'mwera kwa equator, ndipo a ku Ulaya amalipira ndege kudzaona zimene ife tili nazo ulele. Mu Juni cha m'ma 7 koloko Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, imakhala itaima chilili kum'mwera, theka la ulendo kuchoka pansi kufika pamutu. Pambali pake pali chigamba chakuda bii, Coalsack, chimene mu Blantyre simungachione. Pafupi ndi nyenyezi ya kumanzere kwa mtandawo pali kagulu ka Jewel Box, nyenyezi zoyera ndi imodzi yofiirira pakati. Nyenyezi ziwiri zowala zolozera mtandawo, yakutaliyo ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Pa 120 imagawika, ziwiri. Koma chimene chimatontholetsa gulu ndi Omega Centauri, pamwamba pake chakumpoto: ndi maso ndi kadontho ka utsi, mu telesikopu ndi mpira wa nyenyezi mamiliyoni, zaka za kuwala pafupifupi 17,000 kuchoka kuno. Musaiyang'ane molunjika. Ponyani diso pambali pang'ono, m'mphepete mwake muyamba kuthetheka timchenga ta nyenyezi.

Chinkhanira, ndi nyenyezi yake yofiira Antares, chioneni chikadakwera kum'mawa. Chimadutsa pafupi kwambiri ndi pamutu, ndipo Dobsonian ikaloza pamutu penipeni imavuta kuiyendetsa, mumangozungulira nayo bokosi. Kagulu ka nyenyezi ka M4 kali pambali pa Antares, ka M7 kumchira, ndipo Lagoon Nebula, mtambo wowala wa mpweya, ili chakum'mawa pang'ono kumene mlalang'amba wanenepa. Opirira mpaka m'bandakucha mu Julayi adzaona Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zikutuluka kum'mawa.

Mame akayamba, kalilole wamng'ono ndi eyepiece ndi amene amayamba kuchita nkhungu. Musapukute. Kulungani katoni kukamwa kwa paipi kuti italike ndi masentimita 30, eyepiece imene simukugwiritsa ntchito ikhale m'thumba la jekete, ndipo mukamapuma paipi muziigoneka, isaloze kumwamba.

M'mawa musafulumire kuvindikira. Ikani zonse pamthunzi, mbali zonse zotsegula, mpaka ziume, kenako pakirani mmene munapakirira pobwera. Kutopa n'kumene kumanyengerera munthu kuti angoponya zonse kumbuyo. Woyendetsa ayambe wagona maola angapo asanagwire chiwongolero. Chambo chimene mugule panjira chipachikeni kunja pa galasi la m'mbali monga amachitira aliyense, ndipo tomato ndi kabichi za ku Thondwe zipite kubuti, osati pamwamba pa paipi.

Kunyumba tsegulaninso bokosi la kalilole usiku umodzi m'chipinda chouma. Ngati wadetsedwa zenizeni, mutsukeni ndi madzi a pampopi oyenderera ndi kadontho ka sopo wa mbale, mumalize ndi madzi otchezedwa amene amagulitsa othira m'batire ya galimoto (onetsetsani kuti ndi madzi, si asidi), n'kumuimika chopendekeka aume yekha. Kamodzi pachaka n'kokwanira. Posunga, ponyanimo timatumba ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, chifukwa chinyezi cha Blantyre kuyambira Disembala mpaka Malichi chimameretsa chuku pa magalasi otsekeredwa.